Mroma amene ndinamupusitsa ndi wa ku Ntcheu

Lemba, Tamanda, ndipo usandikonzere mawu. Sabata ino ndilibe munthu womudzudzula. Wolakwa ndi ine ndemwe.

Inu owerenga mukudziwa kale kuti ine aNambewe sukulu ndinangoiona padenga. Amandilembera ndi mdzukulu wangayu, wa ku yunivesite, amene Lamlungu lililonse amachoka ku Selly Oak kubwera kuno ku Bilston kudzachapa zovala ndi kudzatipepuzira fuliji. Zilembo sindizidziwa. Koma zithunzi ndimawerenga, ndipo pamenepo palibe angandipose.

Mwezi watha mayi ake, Esnati, mwana wanga amene ndi nesi, anatsitsa makatoni akale kuti ataye. M'katoni ina ndinapezamo buku la Tamanda la ali wamng'ono, la zithunzi zojambula pamanja, timabokosi timabokosi, mawu akutuluka m'kamwa mwa anthu ngati utsi. Ndinamufunsa kuti awa ndani. Anati awa ndi Agaulo, anthu akale a dziko limene lero amati Falansa, ndipo ovala zitsulowa ndi Aroma.

"Aroma omwe aja a Pilato?"

"Omwewo, agogo."

Basi, mbali yanga ndinasankhiratu.

Nkhani yake ndinaitola ndekha. Aroma atsekera anthu m'mudzi, pachipata aika mlonda, ntchito yake kuwerenga mitu m'mawa ndi masana. Agaulo awiri, munthu ndi mlamu wake, akufuna kupita ku ukwati kuseri kwa phiri, ndi nkhumba yawo ya mphatso. Amanga anthu a udzu, awaveka zipewa, awakhazika pakhonde. Mlonda awerenga, mitu yakwana, eni ake ali kale pamsewu. Pofika pamlatho, nkhumba ija aifunditsa nsalu, aigoneka pa machira ngati mkazi wa bwanamkubwa, asilikali n'kumaimenyera sawasha ikudutsa. Kumapeto kwa buku mlonda uja bwana wake akumukoka khutu, chisoti chaphwanyika, tinyenyezi tikuzungulira mutu. Ndinaseka mpaka mano anga oikirira anagwera pa sofa.

Tsono mumve pamene ndinali ine. Chigwereni m'bafa nyengo yozizira yapitayi, Esnati anaika lamulo: osatuluka ndekha. Kampani ya keya imatumiza munthu thwelofu koloko masana kudzandiona, kundipatsa mapiritsi a bipi ndi chakudya. Munthuyo akafika amagunditsa foni pa kachinthu ka pakhomo, akamachoka amalemba zimene waona, Esnati n'kumawerenga ali kuchipatala konko. Kodi si kuwerengedwa mutu kumeneko? Ine ndinkangoti ndili m'mudzi wa Agaulo.

Mlonda wanga dzina lake Chisomo. Ndi wa ku Ntcheu, wabwera chaka chomwechino pa viza ya ntchito ya keya, kamwana kake anakasiya ndi amayi ake kumudzi. Mwana woleredwa. Azungu amene ankabwera kale ankangolowa ngati mphepo, "halo dalingi," makatani mbee, bulangete vundukule, iwe uli mu kamisolo. Chisomo amaima pakhomo la chipinda. "Odi, agogo." Amanjuta. Kapu amapereka ndi manja awiri. Akandipeza ndawodzera sandigwedeza, amapita kukhitchini kukatsuka timbale, kudikira kuti ndidzuke ndekha. Ndinkamutama kutchalitchi mpaka anthu anatopa nane.

Lolemba anandiimbira Amai Zulu, mnzanga wa ku Chipata amene amakhala ku Hillfields, ku Coventry. Mlongo wawo anali atafika kuchokera kwawo ndi katundu.

"Amai Mbewe, vinkubala vabwela. Mukachedwa muzapeza vasila."

Vinkubala ndi mphalabungu, vasila ndiye kuti zatha, kwa inu amene simunakhalepo ndi anthu a ku Zambia. Zaka zingati ndisanazilawe? Ndinapempha Esnati. Anati, "Mami, ayi. Tidzapita tonse ndikakhala ofu." Ofu ya Esnati inu mumaidziwa? Ikafika amagona ngati wakomoka.

Lachiwiri m'mawa atangopita ku shifiti, ndinayamba ntchito. Mapilo atatu m'litali mwa bedi. Bulangete pamwamba. Mutu unandivuta, mpaka ndinakumbukira kabichi amene tinagula pamsika wa Bilston. Ndinamumanga duku langa lobiriwira, mfundo kutsogolo monga ndimangira ine, ndinamuyang'anitsa kukhoma. Kabatani kofiira ka m'khosi, kamene amati ndizidina ndikagwa, ndinaveka kabichi yemweyo. Makatani ndinatseka, wailesi ndinasiya ikuyimba kwaya chapansipansi. Nditaima pakhomo n'kuyang'ana, inenso ndinafuna kunena kuti pepani agogo.

Tsidya la msewu kuli mayi wina wachizungu amene amakhala pawindo tsiku lonse, ndipo chilichonse amauza Esnati. Ndinatuluka ndi thumba lakuda ngati ndikukataya zinyalala, m'thumbamo muli chikwama ndi nsapato zakutchalitchi. Ndinamubayibitsa, anandibayibitsa, ine n'kupitirira bini. Ndinakwera tiramu, kasitima kodutsa m'misewu, ndi kakhadi kanga ka okalamba mpaka m'tauni ya Birmingham. Pasiteshoni ya sitima ndinangoona dikoni wa mpingo wathu akubwera ndi kapu ya khofi. Ndinatola nyuzi yaulere ya pasiteshonipo n'kuphimba nkhope. Kaya inali chozondoka, sindikudziwa. Anadutsa. Mumtima ndinati, Mroma wachiwiri ameneyo.

Ku Hillfields ndinafika ngati mfumu yobwera ku nkhondo. Mphalabungu zokazinga ndi tomato ndi katsabola, chikanda pambali. Ndinawafotokozera za kabichi, Amai Zulu anaseka mpaka anagwira khoma. Mlongo wawo anatijambula, ine mphalabungu ili m'manja, chala chachikulu m'mwamba. Amai Zulu, mtima wabwino, mutu wopanda chotsekera, anaponya chithunzicho pa gulupu ya amayi akutchalitchi. Esnati ali pa gulupu imeneyo.

Inali nthawi yake ya buleki. Pa foni imodzi anaona zinthu ziwiri. Kuno Chisomo walemba kuti wandipeza, ndili bwino, ndikugona, chakudya ndi mapiritsi wasiya pa tebulo. Uku amayi ake omwewo ali ku Coventry, akutafuna. Nthawi yake imodzi.

Mwana wanga ndi wamtima wapachala, anatengera bambo ake. Sanayambe waimbira ine. Anaimbira kampani kuti wantchito wanu walemba bodza, kunyumba sanafikeko. Kampani inatuma munthu wina kukaona. Anavundukula bulangete, napeza kabichi.

Ine zonsezi sindikudziwa, foni ndinazimitsa. Ndinabwerera cha m'ma folo, kaphukusi ka mphalabungu m'chikwama, ndikuyimba kanyimbo. Ndinapeza Esnati atakhala pa bedi langa, akadali mu yunifolomu, kabichi ali pamiyendo.

"Mwaswera bwanji, mami?"

"Ndaswera, kaya iwe."

"Awa ndaswera nawo. Sadandaula, satuluka." Anamuika pansi. "Chisomo amuimitsa ntchito."

Ndinati, alakwa chiyani mwanayo, poti wathawa ndine?

"Walemba kuti wakuonani. Sanakuoneni. Kuno limenelo ndi bodza la m'mabuku a wodwala, amachotsa nalo ntchito. Ndipo viza yake ili m'manja mwa kampani yomweyo. Akamuchotsa, amupatsa masiku owerengeka kuti apeze ina yomutenga. Ikapanda kupezeka, ndege."



Pambuyo pake ndinamva mmene zinayendera. Chisomo anafika pa nthawi yake, anagunditsa foni pakhomo. Anaodira katatu. Anasuzumira, anaona duku, anamva kwaya. Anapita kukhitchini, anatenthetsa chakudya, anabwerera, anaodiranso. Mphindi zake zinatha, nkhalamba ina ikumudikira ku Wednesfield. Anayenda monyang'ama, anaika thireyi, anatseka chitseko pang'onopang'ono kuti asandidzutse.

Ndipo ine ndinkadziwa kuti adzatero. Lemba pamenepo, Tamanda, usadumphe. Kukanakhala kuti kukubwera mzungu wa "halo dalingi" uja, kabichi sindikanamuvutitsa n'komwe. Ndinatchera msampha wanga pa ulemu wa mwanayo. Ndinaudziwa kukula kwake, ndinauyeza, n'kuugwiritsa ntchito ngati khasu.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga dambo likayamba lokha kuyatsa?

Tsono si ine ndekha, abale, ngakhale sabata ino ndine wapampando wa olakwa. Tikatuluka m'tchalitchi n'kuima pa tiyi, nkhani imene imakoma ndi iti? Ndi ya kuzemba. Uyu akuti ndinadwala dala Lachisanu kuti ndipite ku chinkhoswe ku Leicester. Uyo akuti ndinalowetsa alendo asanu m'wodi pamene amalola awiri. Wina akuti ndinadutsa mlonda wa pasitolo ndi nkhani yabodza. Tonse m'manja, kuseka, eti tawaonetsa eni dziko. Timadziona ngati kamudzi kakang'ono kochenjera pakati pa ufumu waukulu.

Koma tayang'anani bwino amene waima pachipata. Amene anagwira shifiti ya Lachisanu ija yekhayekha, nkhalamba khumi ndi ziwiri, ndani? Amene anakalipiridwa chifukwa cha alendo asanu aja ndani? Mlonda wa pasitolo, woyendetsa basi, wosambitsa okalamba m'mizinda yathu ino, ambiri ndi obwera ngati ife. Wa ku Kasungu, wa ku Lusaka, wa ku Ghana. Amene analemba lamulo ali mu ofesi yofunda, sitidzamuona. Khutu limene limakokedwa ndi la mwana wa mnzathu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Lachitatu ndinatsegulanso buku lija. Ndinayang'anitsitsa mlonda wa pachipata. Kamnyamata, miyendo ngati bango, kasiketi kachitsulo pa chisanu chonsecho. Mfumu ya Aroma m'buku lonselo sinamenyedwepo ngakhale kamodzi. Ndinasanthula tsamba ndi tsamba.

Lachinayi ndinauza Esnati kuti unditengere ku ofesi ya kampaniyo. Ndinanyamula kabichi ndi duku m'jumbo. Manijala ndi mayi wachizungu wa magalasi a chingwe. Chisomo anali atakhala pakona, manja pamiyendo, maso pansi. Sanandiyang'ane.

Ndinaika kabichi pa desiki, ndinamumanga duku pamaso pawo. Ndinati Esnati, masulira zonse, usachotsepo. Ndinawauza kuti kwathu mwana savundukula munthu wamkulu ali m'tulo, salowa kuchipinda asanayankhidwe, ndipo amene amatero timati sanaleredwe. Ndinati mwanayu sananame, wanamizidwa, ndipo womunamiza ndi nkhalamba ya zidzukulu zisanu imene yaima pano. Ngati pali wokwera ndege, ndikwere ine.

Mayi uja anamvetsera mpaka ndinamaliza. Pakamwa pake panagwedezeka pang'ono ngati afuna kuseka poona kabichi, koma anadzigwira. Kenako anafunsa funso, Esnati n'kundimasulira.

"Akuti, pansi pa bulangetepo mukanakhala inuyo, mutachita sitiroko, osatha kuyankha, ulemu umenewo ukanakuthandizani chiyani?"

Mayiyo sanalakwe ayi. Lamulo lawo loti uone nkhope, umve mawu, analiikira ine ndemwe, kuti ndisafe ndekha kwaya ikuyimba.

Anatitulutsa panja, anatsala ndi Chisomo nthawi yaitali. Esnati naye anali ndi mlandu wake, poti foni yoyamba ija anaimba ndi iye. Potuluka tinamva kuti ntchito sanamuchotse. Amupatsa kalata ya chenjezo lomaliza, imene ikhale m'faelo yake. Akadzaphonyanso kamodzi, kaya pa chiyani, basi. Mwana amene anali asanalakwepo chilichonse tsopano akuyenda pa ulusi, chifukwa ine ndinalakalaka mphalabungu.

Lachisanu thwelofu koloko ndinamva makiyi. Ndinakhala tsonga pa bedi, mawu anga opepesa nditawakonza kuyambira m'mawa. Chitseko chinagogodedwa kamodzi n'kutseguka. Chisomo anapita molunjika pawindo, makatani mbee.

"Mayi Mbewe, ndione nkhope."

Ndinamuonetsa.

"Mwanawe Chisomo, pepa. Ndinakulakwira kwambiri."

"Ndamva. Mapiritsi awa."

Anandipatsa kapu ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi foni. Anaima pomwepo mpaka ndinameza.

"Tsegulani pakamwa. Kwezani lilime."

Ndinakweza. Ndinamuuza kuti m'fuliji muli kaphukusi, ndamusungira, akalawe za kumudzi. Anati malamulo salola kulandira zinthu kwa makasitomala. Sananene mwamwano, ayi. Ananena bwinobwino, ngati mmene amanenera a pa banki. Analemba zake pa foni, anandiwerengera mokweza zimene walemba, anafunsa ngati ndikuvomereza, n'kutuluka.

Akugwira ntchito yake mmene mabuku akufunira, ndipo palibe adzamugwirenso. Ndikuthokoza Mulungu pa chimenecho. Koma dzina loti agogo sindinalimve, ndipo sindikudziwa ngati ndidzalimvanso.

Tsono inu anzanga a imvi, amene Lamlungu lililonse mumadandaula kuti ana athu akangotsika ndege amataya mwambo, munayamba mwafunsapo kuti amawatayitsa ndani?