Dzanja lobwereka pa tebulo la pulu

Ndinaganiza zopita ku Qatar nditatha chaka chathunthu osagwira ntchito, ine bambo wa ana awiri, ndikungoswera pa shedi ya pulu kumsika wa Bangwe. Ejenti wina wa ntchito za kunja atanena kuti ku Doha akufuna alonda, sindinafunsenso kawiri. Mkazi wanga anavomera akulira. Achimwene anga a Yusufu, amene anandilera bambo atamwalira, anangoseka n'kunena kuti mwina Aarabu akandiphunzitsa kugwira ndodo, poti iwo ndinawakanika.

Sankanama. Achimwene pa pulu anali chilombo. Sankayeza, sankatsinzina diso, ankangowerama n'kumenya, mpira uwo m'bowo. Ukawafunsa kuti achita bwanji, ankati limadziwa ndi dzanja, iwo sadziwa kanthu. Ine ndinkazungulira tebulo katatu, kusuzumira uku ndi uku, mapeto ake n'kugwetsa woyera. Sindinawawinepo ngakhale gemu imodzi, ndipo ndisaname, zinkandiwawa.

Ku Doha ndinkalondera nyumba yaitali ya maofesi ku Al Dafna, maola khumi ndi awiri ndili chiimire, kutsegulira zitseko anthu amene sakuyang'ana n'kumaso komwe. Ndalama inkapita kwathu mwezi ndi mwezi, ine n'kutsala ndi ya sopo ndi ya mayunitsi. Kusungulumwa kwake, abale, kunali kwina. Ku kampu kumene tinkagona kunali tebulo la pulu, ndiye Lachisanu lililonse ndinkathera pomwepo. Mnzanga wina wa ku Philippines, dzina lake Rodel, ataona mmene ndinkavutikira anandiphunzitsa sisitemu. Timadontho ta m'mphepete mwa tebulo tija, timene ine ndinkayesa tokongoletsa, iye ankatiwerenga: apa kuchotsera apo, yankho lake ndi pamene ukamenyetse mpira. Anatinso ndiziyerekeza mpira wosaoneka utagundana ndi umene ndikufuna kugwetsa, n'kulunjika pomwepo. Khalas, basi zatheka, mipira inayamba kulowa. Masamu ndiye ine kwathu.

Ndinayamba kuwatumizira achimwene mavoisi pa WhatsApp, kuwaopseza kuti akonzeke, ndikubwera ndi sukulu. Ankayankha akufa ndi phwete, amvekere munthu wowerengera asanamenye sasiyana ndi wowerenga mapazi ake poyenda. Mavoisi amenewo ndinkawamvera kangapo m'basi ya kuntchito.

Kenaka mavoisi awowo anasiya kubwera. M'malo mwake alamu anga, mkazi wawo, ankangolemba kuti ali bwino, akupereka moni. Ndikaimba, agona. Ndikaimbanso, atuluka. Miyezi itatu yathunthu, mpaka mkazi wanga analephera kupirira n'kundiuza: inali sitiroko, mbali ya kumanzere inafa, ndi pakamwa pomwe. Anagwirizana zondibisira kuopa kuti nditaya ntchito.

Ndinapita kwa mudir, bwana wathu, kukapempha livu. Anandiyankha kuti inshallah, Mulungu akalola, ndidikire kontrakiti ithe. Masiku amenewo popanda chilolezo cha kampani sukanatuluka m'dzikomo, ngakhale tikiti uli nayo m'manja. Ndinadikira miyezi isanu ndi iwiri. Chimene chinkandidya sichinali imfa ayi. Ndinkaopa kukapeza munthu atakhala pakhonde, nkhope ya achimwene, koma eni ake mulibemo, osandidziwa n'komwe. Pa tebulo la ku kampu sindinapitekonso.

Nditabwerera kwathu ndinawapezadi pakhonde, pampando wa pulasitiki, ataonda. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo inagwedezeka, koma sipanatuluke kanthu. Ndinawaikira pamwendo mkanjo umene ndinawagulira, unatsetsereka n'kugwa pansi. Alamu anati amamva zonse, koma mawu amabwera mwa apo ndi apo, ndipo ine ndinaona ngati akungonditonthoza. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira.

Mawa lake dzuwa litapendeka kunabwera anthu awiri, a Mbewe atelala ndi a Jafali a kabaza, anzawo akalekale a pa shedi. Anawanyamula achimwene, kuwakhazika panjinga, n'kuyamba kukankha. Alamu anati amatero tsiku lililonse chitulukireni m'chipatala. Mtima unandipsa. Munthu wodwala chonchi kumudutsa naye mumsika ngati thumba la makala, anthu azimuonera? Ndinawatsatira kuti ndikawauze zoona.

Pa shedi anawaimiritsa, kuwatsamiritsa kutebulo, a Jafali atawagwira lamba kumbuyo. Dzanja lamanja linatenga ndodo lokha. Lamanzere, limene munthu amayala patebulo kuti ndodo itsetserekepo, linali lende. A Mbewe anapinda malaya, n'kuyala lawo, ndodo n'kukhala pamenepo. Wina anandinong'oneza kuti amasinthanasinthana, aliyense ali ndi tsiku lake lobwereketsa dzanja. Zimene ndinabwera kudzanena zija ndinazisiya, n'kuima pambali kumaonerera.

Gemu ili pakati a Mbewe anaweramuka, n'kundikodola.

"Lero ndi iwe, wa ku Qatar. Ife manja atopa."

Ndinayala dzanja. Mpira umene achimwene ankafuna unali utabisala, wofunika kukamenyetsa kaye kumphepete. Mutu wanga unayamba wokha kuwerenga timadontho, ndipo yankho linati ndodo yapotoka. Ndinasuntha dzanja pang'ono kuti ndiwathandize.

Ndodo inanditera pa chala, kho! Inali yowawa zenizeni. Kenaka ndi nsonga yake anandikankhira dzanja pomwe linali poyamba. Anapuma, n'kulimbana ndi lilime lawo, mawu n'kutuluka olemera, limodzilimodzi, loyamba lili dzina langa.

"Amidu. Khala chete."

Ndinakhaladi chete. Ndodo inadutsa pa chala changa chachikulu osanjenjemera ngakhale pang'ono, woyera anakamenya kumphepete, kubwerera, mpira uja n'kulowa. Anthu a pa shedi sanadabwe, wina anangoti ayike tokeni wotsatira. Ine ndinakhala pabenchi ndikuseka, misozi ili mbwembwembwe. Analimo achimwene, ndi nkhanza zawo zomwe.

Ku Doha ndinkayesa kuti banja lonse laima pa ndalama yanga. Mankhwala inagula, sindikana. Koma amene ankawadzutsa pampando paja tsiku ndi tsiku anali anthu amene ine ndinkawatenga ngati malova anzanga ongotaya nthawi. Anandipatsa Lachitatu, ndipo mpaka lero sindijomba.

Chala chinatupa masiku atatu, ndipo ndinkachionetsa aliyense wobwera kudzandilonjera.