Pilo wa Amuna a Nachisale

Chaka cha mavoti a zipani zambiri, m'golosale mwathu ku Linthipe munali foni. Mayi Nachisale, mphunzitsi amene amuna awo anali atangomwalira, ankabwera kudzaimbira mlangizi wa zachisamaliro cha anthu ku Lilongwe, n'kumalira. Ine ndinkangopukuta botolo limodzi lomwelo, makutu ali tcheru.

Kukwaya ndinkawatsanzira, ndi mamina omwe: "Amayi, mpaka pano ndimayalabe malo a anthu awiri." Anzanga ankaseka mpaka nthiti kuwawa.

Tsiku lina anabwera, foniyo osaiyang'ana n'komwe. Anagula machesi, n'kundiuza chapansipansi, "Achemwali, ponditsanzira kukwaya kuja mumasiyako zina. Ndikayala, pilo wawo ndimamufunditsa bulangete, poti kuno kumazizira."

Sanaimbenso foni. Ndinachita manyazi, inde. Koma Loweruka lake ndinakawonjezera za pilozo, ndipo anzanga anaseka kuposa kale.