Beseni la pakhomo la kachisi

Mwana wanga woyamba, wamkazi uja, anakana mango. Mwana ameneyu mango ankadya mpaka madzi ake kuyenderera m'zigongono, koma Lolemba limenelo anangowayang'ana n'kugona pamkeka, maso atalowa m'kati. Ndisanamufunse n'komwe anathamangira kuseri kwa nyumba, ndipo zimene anatsegula sizinali zam'mimba zimene ndinkazidziwa, anali madzi okhaokha, oyera ngati otsukira mpunga. Linali dzinja, kolera ikumveka m'midzi ya kunyanja. Ndinadziwa nthawi yomweyo kumene mwanayo anamwa, chifukwa kapu yake ndinamugwirira ndine.

Zipani zitachuluka, nayonso mipingo inachuluka pa Golomoti, ndipo amuna anga ananditengera ku wina watsopano. Abusa athu sankati tchalitchi, ankati kachisi, ndipo anamugawa ngati wa m'Baibulo. Panja panali bwalo ndi guwa la njerwa, pamene munthu amatula machimo ake poti Yesu ndiye mwanawankhosa wophedwa. Pakhomo panali beseni lalikulu lapulasitiki, losambamo. M'kati munali malo oyera, okhala ndi nyali ndi buledi, ndiye kutsogolo katani wofiira wotchinga malo oyera koposa. Ankatiphunzitsa kuti chipulumutso ndi ulendo wochoka pabwalo kukafika kuseri kwa katani, ndipo aliyense ankakhala pamene wafika. Ukangoona pamene munthu wakhala, wadziwa kale za moyo wake.

Ine ndinakhalitsa pabwalo, padzuwa, chifukwa malemu bambo anga anali a kudambwe, ndipo abusa ankati fungo la gule limachedwa kuchoka m'magazi. Anzanga ankalowa, ine ndikumvera nyimbo pawindo. Ndinkalota lipenga likulira ine ndidakali panja ndi ana anga.

Ndiye tsiku limene anandipatsa ntchito ya beseni ndinalira ndi chimwemwe. Lamulo lake linali limodzi: madzi opemphereredwa satayidwa, umangothira ena pamwamba. Aliyense wolowa ankaviikamo manja, ndipo ana tinkawamwetsa pang'ono kuti atetezedwe. Inetu maso ndili nawo. Ndinkaona matope pansi pa beseni, ndinkaona tizilombo tikuvinavina. Lamulungu lija ndinaonanso mayi wina amene anali atangochokera kumaliro a kunyanja, kumene anasambitsa nawo mtembo, akuviika manja mpaka m'mikono. Mawu anafika pakhosi. Koma limenelo linali tsiku langa loyamba kulowa m'malo oyera, nditavala chitenje chatsopano, ndiye ndinatunga, ndinamwetsa wanga, ndinamwetsanso a anzanga amene anali pamzere, n'kulowa. Wamng'ono, wamwamuna, anapulumuka chifukwa anali m'tulo kumsana.

Amuna anga ataona mwanayo akufooka anati tipite naye kwa abusa. Tinawapeza akupalira chimanga kuseri kwa kachisi. Anamugwira pamutu nati si matenda, ndi zakwathu zija zikutuluka, timumwetsenso madzi a m'beseni ndipo amugoneka pafupi ndi katani penipeni, pamene sipanagonepo mwana wa munthu. Amuna anga anayamba kuthokoza. Ine ndinatchula za chipatala, motsitsa mawu.

“Mayi, mwayenda ulendo wonsewu kuti mubwerere kunja kwa bwalo?” anatero abusa. “Wotuluka yekha salowanso.”

“Wamva, mayi a mwana?” anatero amuna anga. “Usatichititse manyazi.”

Ndinavomera. Ndinati ndipite naye kaye kunyumba ndikamusinthe nsalu, poti anali atadziipitsira, ndipo amuna anga anatsala akuthandiza abusa kusesa pafupi ndi katani. Sindinafike kunyumba. Ndinakhotera kumsewu, wamng'ono kumsana, wodwalayo m'manja, mutu wake ukulendewera, ndikumuitana dzina kuti asagone, mpaka wakabaza anaima. Njira yonse ya kuchipatala cha Mua ndinkapempha Mulungu kuti asandione, kenaka n'kumupemphanso kuti andione, osadziwa pemphero loyenera ndi liti kwa munthu amene watuluka yekha.

Kuchipatala anavutika kupeza mtsempha, koma diripi inalowa. Mawa lake ndinaona akubwera nawo ana ena awiri a mumpingo mwathu, a pamzere uja. Mmodzi anafika mochedwa. Mayi ake anandikumbatira akulira, nanditchula mlongo wa beseni monga ankanditchulira onse, ndipo ine ndinangouma, manja ali lende.

Amayi anga anabwera kuchokera ku Mtakataka ndi phala m'fulasiki. Iwo ndi Akatolika osalankhulalankhula za Mulungu. Nditawafotokozera zonse, za bwalo, za katani, zoti tsopano ndatsekeredwa kunja, anapitiriza kupemerera phala pasupuni.

“Iwe, katekisimu unkapita kukadya chiyani? Nsalu ya m'kachisi inang'ambika tsiku limene Ambuye anafa, kuchokera kumwamba mpaka pansi. Amene wasoka katani wanuyo, nsalu anagula pamsika. Kweza mutu wa mwanayu.”

Ndikanakonda kunena kuti mantha anathera pomwepo. Ayi. Mpaka lero ndikalowa m'tchalitchi chilichonse miyendo imanditengera kubenchi yakumbuyo, ndipo ndikamva za madzi a moyo ndimaona kapu ija.

Mwana atachira tinabwerera kunyumba. Amuna anga sanandimenye. Anati abusa andikhululukira, ndiyambirenso pabwalo, koma Lamulungu ana onse awiri amwe pakhomo kuti fungo la chipatala liwachoke, ndipo wamng'onoyo amugwira okha bambo akewo. Ndinati chabwino, bambo. Ndinawaphikira, ndinawachapira malaya oyera a kukachisi.

Loweruka masana iwo atapita kunyanja kukagula usipa wogulitsa, ndinapita kukachisi ndi tsache ngati wokasesa. Kunalibe munthu. Beseni linali lolemera, sindikanatha kulinyamula, ndiye ndinalikoka mpaka kumapeto kwa khonde n'kulipendeketsa, ndikudikira kuti mwina manja auma. Madzi analowa m'nthaka ngati madzi ena onse. Ndinadziwa kuti mawa adzathiramo ena, choncho ndinatenga mwala n'kuliboola pansi. Kenaka ndinabereka wamng'ono, ndinagwira wamkulu padzanja, zovala zawo zili m'jumbo, ndipo tinakakwera minibasi ya ku Mtakataka, kwa amayi.