Bulenda ya ku Joni ndi Mango a ku Sadzi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene khoma la kuchipinda kwa amayi linagwa ndi mvula. Ndinali mu Fomu 3. Nyumba yathu ku Sadzi, ku Zomba, inali ya zidina, bambo anali atamwalira kalekale, ndipo zimene achimwene anga a Devi ankapeza pa kabaza sizikanakwanira fizi yanga ndi khoma pamodzi. Amayi aang'ono, amene ankagwira ntchito ku Debeni, anati banja lina likufuna mtsikana wolera mwana. Ndinalonjeza kuti ndikagwira chaka chimodzi chokha, tikamanga nyumba ya njerwa zowotcha ndidzabwerera kusukulu. Ndinanyamulanso buku la Bayoloje kuti ndizikawerenga.

Amayi sanandikanize. Tinakhala pansi pa mtengo wathu wa mango a boloma, umene bambo anadzala ine ndisanabadwe, iwo akusoka zipi ya chikwama changa.

"Iwe Zione, ukakafika uzikadya," anatero. "Ndimakudziwa ine. Ukakhumudwa umayamba ndi kusiya chakudya."

Ku Debeni ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Masiku a pa pasipoti atatha ndinasiya kutuluka pageti, kuopa apolisi. Sabata inkatha osayankhula Chichewa ndi munthu aliyense, mpaka ndinayamba kuyankhula ndekha ndikamakolopa. Buku la Bayoloje lija ndinalitsegula kangapo, koma maso ankangotsekeka. Mwezi ukatha ndinkatumiza pafupifupi zonse, kungotsala ndi ya sopo ndi mayunitsi.

Mwana amene ndinkalera, Zara, sankayanjana ndi mkaka wa ng'ombe. Akangolawa ankatuluka ziwengo thupi lonse ndi kutsegula m'mimba. Ndiye madamu anandiphunzitsa chakumwa chimene ankachitcha simuthi. Mango ankawadula n'kuwaika mufiliji mpaka aume gwa. Kenako mumathira mangowo mu bulenda, makina ogayira zipatso aja, pamodzi ndi nthochi yakupsa, mkaka wa kokonati wa m'chitini ndi timadontho ta ndimu. Mukadina batani, zonse zimasanduka phala lachikasu, losalala, lotsetsereka lokha pakhosi. Zara akadwala ankakana chilichonse, koma ichi ankamwa mpaka kunyambita kapu. Ine ndinkalawa zotsalira mujagi ndisanatsuke. Ndinkaganiza za mango athu amene ankawolera pansi ntchentche zili ng'waa, pamene kuno bango limodzi ankaligula litakutidwa m'pepala la pulasitiki ngati mankhwala.

Lamulungu lililonse kunkabwera mawu a amayi kuchokera pafoni ya achimwene. "Tili bwino kuno. Nyumba yafika m'mawindo." Kenako, "Tafolera." Chaka chimodzi chinasanduka ziwiri chifukwa simenti inkangokwera mtengo. Mawu a amayi ankamveka akucheperachepera, koma ndikafunsa ankati ndi chimfine, ukudziwa kuzizira kwa kuphiri kuno. Inenso ndinkawauza kuti ndanenepa, ndili ndi anzanga ambiri. Tonse tinkakhulupirirana, kapena tinkangofuna kutero.

Tsiku lina achimwene anatumiza mawu ali okha, panjira, kabaza ikumveka kulira tcheni. Anati amayi akuvutika kumeza. Kuchipatala apeza chotupa pakhosi. Nsima anasiya kalekale, phala likumabwerera, mkaka umene ankawagulira ukuwapotola m'mimba. Ndinamvetsera kawiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti sindinalire. Mumtima ndinati, ine ndikudziwa chimene chingadutse pakhosi pamenepo. Ndinapempha madamu bulenda yawo yakale, yong'aluka chivindikiro, ndipo anandipatsa. Ndinaikulunga m'thawulo n'kuifukata pamiyendo ulendo wonse wa basi. Pachipata cha Mwanza bambo wina wofufuza katundu anaitembenuza uku ndi uku.

"Kachigayo aka n'kogayira chiyani, achemwali? Mgaiwa wa anthu a diploma?"

Ndinaseka nawo. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti mankhwala a amayi ali m'manja mwanga.

Ndinafika mu Januwale, mango ali pachimake. Kuchokera ku depoti, m'mbali mwa msewu monse munali milu ya mango, phiri litafunda mtambo monga mwa nthawi zonse. Nyumba ndinaiona ndili patali, yofiira, malata akunyezimira, m'mawindo atatchinga ndi masaka. Koma pabwalo panali poyera modabwitsa. Pamene panali mtengo wathu panali chitsa, atayanikapo mbale.

"Achimwene, mtengo uja?"

"Ndiye njerwa tikanawotcha ndi chiyani, chemwali? Nkhuni za kuphiri a zankhalango akumalanda. Ndalama zako zinagula malata ndi simenti. Mtengo unaphika njerwa."

Amayi ndinawapeza pamphasa atatsamira khoma latsopanolo. Mikono yawo inali ngati ya mwana wa sitandade wani. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja, koma anayamba ndi iwo.

"Kunenepa kuja n'kumeneku? Iwe sumadya."

Magetsi m'nyumbamo munalibe. Mawaya anali atapachikidwa kale, akudikira tsiku limene sitikulidziwa. M'mawa mwake ndinagula mango kwa anaPhiri oyandikana nawo nyumba, koyamba m'moyo mwanga kugula bango ku Zomba, ndipo ndinanyamula bulenda kupita kwa a Jafali, ometa tsitsi, amene amatchajitsanso mafoni. Ndinawapeza atakhala panja ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi.

"Mwabwera ndi fakitale yonse, aunt a ku Joni! Koma magetsi anapita m'bandakucha. Funsani bwana awa, akudikira theka la mutu wawo."

Ndinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Magetsi sanabwere. Amayi anali asanalawe kanthu chiyambire dzulo lake.

Ndinabwerera kunyumba n'kutulutsa mtondo. Mkaka wa kokonati kunalibe, ndiye ndinakazinga mtedza pang'ono, kuupukusa makoko, kuuviika m'madzi otentha, kenako kuusinja mpaka unasanduka phala. Nditaufinya unatuluka madzi oyera ngati mkaka. Ndinasenda mango, kuwadula, kusinja pamodzi ndi nthochi ya sukari ndi theka la peyala kuti chikhale chamafuta. Vuto linali ulusi. Mango a ku Joni alibe ulusi, koma athuwa ali nawo wambiri, ndipo ulusi umodzi wokha ukanawatsamwa amayi. Sefa ya ufa inali ndi maso akulu. Nsalu yoyera yopyapyala m'nyumba monse inali imodzi, bulauzi yanga ya sukulu, imene amayi anaisunga m'sutikesi. Ndinaichapa, n'kufinyiramo zonse pang'onopang'ono. Inasanduka yachikasu, ndipo ndinadziwa kuti mtundu umenewo sudzachoka. Kapu ndinaiviika m'beseni la madzi a pampopi, amene kuno amabwera ozizira kuchokera kuphiri.

Amayi analandira supuni yoyamba n'kutsinzina.

"Eee. Ndiye ku Joni mumadyatu bwino. Mango ake ndi a kuti?"

"A kwa anaPhiri."

"Athu aja anali otsekemera kuposa awa."

Anafunda chitenje kukamwa monga amachitira akamadya pamaso pa alendo, kenako anatsegulanso pakamwa. Supuni ina, ina, mpaka kapu inafika pakati. Ndinatuluka panja n'kukavina ndekha pafupi ndi chitsa chija. Tsiku limenelo ndinatsimikiza mumtima kuti amayi achira, mphamvu zikabwerera tipita nawo ku Blantyre kwa madokotala aakulu, ndipo ine ndikalembetsanso Fomu 3 ngakhale ya masana. Ndinkapanga simuthi m'mawa ndi madzulo. Mikono inkawawa ndi musi koma sindinkamva. Ndinkangodabwa kuti bwanji akumwa chonchi koma osanenepa.

Loweruka ndinatenga zovala zawo kukachapa kumtsinje wa Likangala. Chitenje choyamba chinali ndi ngodya youma gwa, yachikasu. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinali chikadali chonyowa, chikununkhira mango ndi mtedza. Mtunduwo ndinaudziwa, unali womwe uja wa pa bulauzi yanga. Ndinakhala pamwala nthawi yaitali, amayi ena ochapa akundifunsa ngati ndadwala.

Achimwene ndinawapeza pa siteji ya kabaza. Sanayese n'komwe kukana.

"Ngakhale madzi akumadutsa movutikira, chemwali. Anandiletsa kukuuza. Akuti mwanayu wanyamula makina ake kuchokera kutali, musamugwetse mphwayi."

"Ndiye inu mumangondiyang'ana ndikusinja?"

"Nanga iwe unkatiuza zoona uli kuja? Amayi aang'ono anatiuza kuti sunkatuluka ndi pageti pomwe."

Kwa zaka ziwiri ndinkaganiza kuti kwathu kukundidikira mmene ndinakusiyira, kuti ndikangobwera ndi chinthu choyenera zonse zibwerera m'malo. Koma kwathu kunkatha pang'onopang'ono, ndipo anthu ake ankandibisira chifukwa chondikonda, monga mmene inenso ndinkawabisira. Nyumba tinamanga, koma mthunzi unapita, sukulu inapita, ndipo amene tinkawamangirawo akupita. Madamu atumiza mawu kufunsa kuti ndibwerera liti, akuti Zara akundifuna. Sindinayankhe. Bulenda ili pawindo, sinalirepo n'kamodzi komwe m'dziko muno. Mango nawo akutha, anaPhiri akuti mwezi wamawa kudzakhala kulibe.

Komabe lero m'mawa ndinasinjanso. Mwina kadontho kamodzi kamatsetsereka osadziwika, ndani angadziwe? Ndinalowa ndi kapu m'dzanja limodzi, m'dzanja linalo kansalu koyera kopindidwa bwino, ndipo ndinakaika pamiyendo pawo. Amayi anayang'ana kansaluko, anayang'ana ine. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu.

Analandira supuni, anatsinzina, anasunga simuthi m'kamwa nthawi yaitali akuimva kukoma. Kenako analavulira pakansalu paja ine ndikuona, osafundanso chitenje. Anakankhira kapu kwa ine ndi zala zawo zoondazo.

"Yotsalayo umalize iweyo. Pompano, ndikuona."

Ndinamwa yonse, iwo akundiyang'anitsitsa pakhosi mpaka nditameza.