Mtolo wa Alefa wopita ku Nkando

Pa nkhani yomanga katundu, Alefa analibe mnzake, ndipo apa musanditsutse. Ndinakhala naye khomo ndi khomo m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, kunsi kwa phiri la Mulanje, zaka khumi ndi ziwiri. Enafe popita kothyola tiyi tinkangotola dengu ndi chiguduli chofunda kumutu, basi. Iye m'dengu mwake simunkasowa kansalu koyera, kabotolo ka madzi, mbatata yootcha ndi singano yokhala kale ndi ulusi. Munthu akadzicheka chala, ngakhale kapitawo ankangokuwa kuti, "Pitani kwa make Elson!"

Kwawo kunali kuseri kwa Nkando, cha ku mtsinje wa Thuchila. Makolo ake anachokera kwa Apwitikizi wapansi, ndipo kwa iwo mwambo unali umodzi: mwamuna ndiye amadzamanga nyumba kwa mkazi. Koma Morris, amene anamukwatira, ankagwira ntchito m'fakitale youmitsa tiyi, ndipo kampani inamupatsa kachipinda m'malaini. Alefa anamutsatira. Mayi ake, a Malita, zinawapweteka koopsa. Tsiku lotsanzikana anamuuza pamaso pa anthu kuti, "Pita. Koma kumene kulibe mayi ako, ana udzawalera ndi chiyani? Udzabwera pano ukupempha ndi kansanza komwe."

Mawu amenewo anamukhala pamtima zaka zisanu ndi chimodzi, osapondako kwawo. Ana onse atatu anaberekera m'malaini, azamba ake tinali ife tomwe. Woyamba anali Elson, kenako Rosie, ndiye kakhanda Simon.

M'chaka cha 1956, nyengo yozizira, tiyi atachepa m'minda, malume ake a Pilato anatulukira pa njinga ndi uthenga wakuti mayi ako akufuna aone adzukulu. Mayo ine, munthu anavina! Anavina mwana ali kumbuyo mpaka fumbi kuti koboo. Atatopa anakhala pansi n'kundiyang'ana, nkhope itasintha.

"Stella mnzanga, ndipita. Koma ndikufuna amayi akaone ndi maso awo kuti anawa ndalera. Sindikapemphako kanthu, ngakhale mchere."

Kumanga katundu kunatenga masiku atatu. Anayamba ndi matewera, amene anadula ku matumba akale a ufa, n'kuwawiritsa mpaka kuyera kuti mbee. Anakazinga ufa wa phala kuti usachite fungo panjira. Anakulunga kachidutswa ka sopo m'tsamba la nthochi, mafuta a nsatsi odzoza ana m'kabotolo, bulangeti la chiperoni, chinangwa chophika ndi nthochi zosapsetsa kuti zisaphwanyike. Lamulo lake linali lakuti chimene mwana ayambe kulirira chikhale pamwamba, ndipo dzanja lichipeze maso ali kwina. Mpaka apa ndinkangogwedeza mutu, poti zinali zanzeru.

Koma tsiku lachitatu ndinaona akupinda mikeka. Anatenganso poto, makapu a malata atatu, mchere, machesi, kenako chipanda chachikulu cha madzi a pa mpope wa kampani.

"Iwe make Elson, kodi ku Nkando mtsinje unauma?"

"Madzi achilendo amatsegula ana m'mimba," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

"Nanga mikeka? Kwanuko anthu amagona choimirira?"

Anangomanga mfundo n'kuikoka ndi mano. Morris sanaloledwe kuchoka ku ntchito, ndiye wosenza mtolowo anali ndani? Ine amene, chifukwa cha dyera lofuna kukaona msika wa Nkando. Walira mvula walira matope. Atanditwika chimtolocho, khosi linalowa m'mapewa ngati la kamba, ndipo ndinamutukwana njira yonse mpaka ku msewu, iye akungoseka.

Tinakwera lole ya pa esiteti yopita ku Limbe ndi mabokosi a tiyi. Pamwambapo tinalipo anthu asanu ndi atatu, kuphatikizapo bambo wina wa jekete amene ankatiyang'ana ngati tabwera ndi mbuzi. Tisanapite patali Rosie anayamba kusanza. Alefa anangoponya dzanja kumbuyo, kansalu kali m'manja, mwana wapukutidwa. Elson anati njala, chinangwa chinatuluka. Kamvula ka chiperoni katayamba kuwaza, bulangeti linafunda ana onse atatu, n'kutsalako mbali yofunda mawondo a bambo wa jekete uja. Pofika pakati pa ulendo bamboyo anali atanyamula Rosie pamiyendo, akudya nthochi yathu n'kumayimbitsa ana nyimbo ya kutchalitchi. Ine mtima unadzaza, ndinanyadira mnzanga ngati ndamubereka ndine.

Potsika pa Nkando, Alefa anatembenukira ku lole n'kuitana monga amachitira amayi onse, kuti mzimu wa khanda usatsalire panjira: "Simon, tiye, tafika kwa anganga, agogo ako." Kenako tinalowa kanjira ka m'minda ya nandolo, Elson patsogolo, ine pambuyo ndi chimtolo changa.

Anayamba kutiona ndi a Malita eni ake. Anataya lichero n'kuthamanga, mayi wamkulu ndithu, nthungululu ili pakamwa. Sanayambe ndi mwana wawo ayi. Anagwada n'kukumbatira Elson ndi Rosie pamodzi, akuwatsina masaya. "Onenepa chonchi! Tawaonani miyendo!" Anamasula Simon kumsana kwa Alefa n'kumununkhiza m'khosi, misozi ikutsika. Mudzi wonse unasonkhana pabwalo. Alefa ankangomwetulira, ndipo ine ndinati basi, nkhani ija yatha.

Inali isanathe. Titakhala pakhonde, mnzanga uja anamasula mtolo wake n'kuyamba kuyala zinthu mwadongosolo ngati wogulitsa pamsika. A Malita anadzuka kuti akatenge choyala.

"Musavutike amayi, mikeka ndatenga."

Anakhala pansi. Patapita kanthawi anadzukanso kuti akaphikire ana phala.

"Ufa ndili nawo amayi, ndi poto yemwe."

Rosie anati ludzu. A Malita anathamangira ku mtsuko, koma pobwera anapeza Alefa akutsanulira mwana madzi a m'chipanda chake. Inu mukudziwa, munthu wobwera ndi madzi ake pakhomo pa mnzake ndiye kuti akuopa kudyetsedwa mankhwala. Amayi awiri amene anakhala kumbali anayang'anana n'kuweramitsa mitu. Alefa, m'mutu mwake modzaza matewera ndi m'mimba mwa ana, zimenezi sanaziganizeko n'komwe.

"Kodi m'madzi a pano ndathiramo chiyani?" anafunsa a Malita motsitsa mawu. Anathira madzi a mumtsuko aja pansi n'kukakhala kumapeto kwa khonde, atatipatsa msana.

Ndinapsa mtima, ndikanakhala ndi mthiko pafupi ndikanamugogoda nawo mnzangayo pamutu. Zaka zisanu ndi chimodzi zakusowana, n'kudzazionongera pa kapu ya madzi! Mwamwayi Simon anaipitsa thewera, ndipo Alefa analowa naye m'nyumba. Ndinamutsatira kuti ndikamuuze zoona zake.

Ndinalowa m'nyumbamo. Ndinamupeza ataima chilili, akuyang'ana kuseri kwa chitseko. Panali timikeka titatu tatsopano, tonunkhira mlaza, tosiyana kutalika. Kamodzi kanali kakatali kwambiri koti Elson akanagonapo ndi mnzake, poti wolukayo sankadziwa msinkhu wa adzukulu ake, anangoyerekeza. Pambali pake panali tizikho titatu topala bwino, nsengwa ya ufa wosefa kawiri, ndi chitenje chatsopano choberekera mwana, chisanachapidwe n'komwe.

Alefa anagwira pakamwa. Analira mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka. Kenako anandipatsa mwana, napukuta maso, n'kutuluka.

Zimene ndinaona panjapo sindinazionenso moyo wanga wonse. Mayi wa dongosolo uja anangokokolola zinthu zonse, sopo pamodzi ndi ufa, makapu pamodzi ndi matewera, n'kumanga mfundo yopotoka. Chipanda anachikankha ndi phazi, madzi a kampani n'kumwazika pabwalo nkhuku zikuthawa.

"Stella, khalira mtolowu," anandinong'oneza.

Ndinaukhalira, mwana ali m'manja, n'kutambasula chitenje changa kuti ndiubise. Mtolo wake wotani wobisika! Unali ngati chulu. Alefa anayenda chogwada mpaka pamene panali mayi ake.

"Amayi, ndachita manyazi. Ndanyamuka mothamanga. Mikeka ya ana ndaiwala, zomwera ndaiwala, ufa ndatenga wofumbwa. Madzi ndi awo atayika. Mwana ali ndi ludzu, ndithandizeni."

A Malita anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana ine pamwamba pa chulu changa, anayang'ananso mwana wawo. Kenako anawomba m'manja kamodzi, mwamphamvu.

"Ndinanena ine! Anthuni, simunandimve? Mwana uyu chibadwire ngwosasamala! Kuyenda ndi ana atatu opanda ndi chikho chomwe! Pakanapanda ine bwenzi adzukulu angawa atagona pa dothi!"

Anadzuka ngati mtsikana, akukalipa, kulowa m'nyumba akukalipa, kutuluka akukalipabe, timikeka kukhwapa, tizikho m'manja. Amayi a kumbali aja anayamba kuseka, wina n'kuyimba nthungululu. Rosie anagwira kachikho kake ndi manja awiri n'kumwa madzi a mumtsuko mpaka kudontheza pamimba, anganga ake atamugwirira kumsana. Alefa anali chigwadire, akuseka ndi misozi.

Popita kukatenga nkhuni za phala, a Malita anadutsa pafupi ndi ine. Anawerama ngati akufuna kuona khanda, n'kundinong'oneza kukhutu:

"Mwanawe, kokera chitenjecho kumanzere. Mkeka ukuonekera."