Mitengo ya Miyendo ndi Dothi la pa Chulu

Bambo anga ankakonda kutiuza za mitengo imene anaiona ku Beira ali mnyamata, pa ulendo wochoka ku Malawi kukafuna ntchito ku migodi ya ku Zimbabwe. Ankati imaima m'madzi amchere ndi miyendo, ndipo kumeneko amaitcha mangali. Ife ana obadwira m'komboni ya mgodi tinkangoseka, tinkati mdala wayamba bodza lake.

Ndinadzaiona ndili ndi imvi kale, muno mu London. Mwana wanga womaliza, wamkazi, ankaphunzira za zomera, ndipo Loweruka lina ananditulutsa m'fulati mwathu ku Thamesmead, tinakwera basi ndi sitima mpaka kusukulu kwake. M'nyumba yamagalasi yotentha ngati Okutobala wa kwathu munali timitengo m'zidebe zamatope. Miyendo inalipodi. Ndinawapepesa bambo chamumtima.

Tina tinali tobiriwira, tina tachikasu, masamba opiringizika. Ndinafunsa chifukwa chimene ankamanira tinato manyowa. Iye, poyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, anati matope ake anawasakaniza ndi zinyalala za kumgodi, zija mvula imakokolola n'kukazitula kumene mtsinje umakumana ndi nyanja. Anati mchere mtengowo umaupirira, koma mtovu ndi mkuwa zimaunjikana m'mizu, mtengo n'kupinimbira pang'onopang'ono.

Atangotchula zinyalala za kumgodi, mtima wanga unali kale pa dampu. Limeneli linali phiri lathu la mchenga wotuwa wotayidwa ndi mgodi. Tinkatsetserekapo titakhalira makatoni, n'kubwerera kunyumba titayera mbuu, amayi akukalipa. M'munsi mwake iwo ankalima lepu wonenepa, ndipo kuseri kunali chulu chodziwika komboni yonse. Mayi aliyense woyembekezera ankadya dothi la pamenepo, lowamba pamoto, lonunkhira mvula yoyamba. Ndimalisowa dera limenelo mpaka lero, ndisaname.

Ndinamuuza zonsezi mwanayo monyadira. Ndinawonjeza kuti mnzanga wa kutchalitchi anali atandibweretsera dothi la pa chulu chomwecho, loti ndipatse mpongozi wanga wa ku Edmonton, amene anali ndi pakati ndipo nkhuli ya dothi inkamusowetsa tulo. Nkhope ya mwanayo inasintha. Anati ndisayerekeze.

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti ine ndinalidya pa mimba zanga zonse za kwathu, ndipo palibe anabadwa ndi mchira. Sukulu isamuchititse kunyoza kumene tinachokera. Iye anangovala magolovesi n'kuzula kamtengo kena kobiriwira bwinobwino. Mizu yake inali yaifupi, yakuda, yofewa ngati chinangwa chovunda.

"Amayi, aka pamwamba kakuoneka kabwino," anatero, ulendo uno m'Chichewa chake chopindika. "Onani pansi."

M'basi pobwerera ndinkaganiza za amayi anga, amene anapita padera kawiri pakati pa ine ndi mlongo wanga, ndi za mayi woyandikana nafe amene anamunamizira kuti ndiye ankawalodza mpaka anasamuka. Kaya linali dothi, kaya ayi, palibe angandiuze tsopano, onse anapita.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinapita ku Edmonton ndi malalanje okha. Mpongozi anandilandira chikwama n'kusuzumiramo msangamsanga ngati mwana.

"Lija simunabweretse, amayi?"

Ndinati ayi, ndipo sindidzabweretsa. Ndinamufotokozera za mizu mmene ndikanathera, n'kumupempha kuti akawauze anamwino za nkhuli yakeyo. Anakhala pampando atagwira mimba, maso ali pansi. Kenako anandikumbutsa kachidutswa kamene ndinamupatsira m'manja pakhomo pa tchalitchi sabata yapitayo, kongolawitsa. Anati anakamaliza asanafike n'komwe pokwerera basi.

Anamwino anati kachidutswa kamodzi tisade nako nkhawa, ndipo mwana anabadwa bwino, wamwamuna, wolira mokweza. Pano akuyenda, akuthyola zinthu m'nyumba mwanga. Koma akachedwa kutembenuka ndikamuitana, ndimakumbukira kachidutswa kaja, ndipo ndimamuitananso kachiwiri mokuwa mpaka atandiyang'ana.