Kagalu Kanga Kakakazi Kanapita mu Katoni

Anthu a kwathu kuno kwa Kanduku akafuna kundijeda amati ndine nkhalamba yosakhulupirira munthu. Sindikana. Kuchigayo sindituma mwana wa munthu, ndimapita ndekha n'kuima pafupi mpaka ufa wanga utatsika wonse. Mlendo akafunsa njira ndimayamba ndamuyang'ana kumapazi, kuti ndione ngati fumbi lake likugwirizana ndi kumene akuti wachokera. Koma onse ondinenawo palibe anagulitsapo agalu. Akanagulitsapo, bwenzi atatseka pakamwa.

Kale mwana wa galu sitinkagulitsa. Munthu ankabwera ndi nkhuku, n'kunyamula kagalu kake, basi nkhani yatha. Zinthu zinasintha matipate atalowa. Ku Boma kunadzaza anthu obwera, a m'maofesi, a kuchipatala, ena a kuchipata cha m'malire. Aliyense anamanga mpanda wa njerwa, ndipo aliyense ankagona akuopa akuba. Amuna anga atamwalira anandisiyira kamunda ka pamtsetse, mitengo yochepa ya manachesi, ndi galu wamkazi wamkulu wa makutu oimirira, amene anachita kumupempha kwa dalaivala wina wa thiraki yopita ku Mozambique. Galu ameneyu ndiye anatidyetsa ine ndi adzukulu anga kwa zaka zambiri.

Malonda anga ndinkayendetsa chonchi. Tiagalu tikasiya kuyamwa n'kuyamba kunyambita phala la madeya losakaniza ndi bonya, ndinkatisambitsa, kutichotsa nkhupakupa m'makutu, n'kutiika mu dengu lovundikira ndi chitenje. Ndinkadikira kumapeto kwa mwezi, anthu a m'maofesi atalandira. Ndikafika ku Boma sindinkakuwa ngati wogulitsa tomato ayi. Ndinkangokhala pansi pa mtengo pafupi ndi njira yawo, n'kuvundukula dengu pang'ono kuti kamutu kamodzi kaoneke. Munthu woyamba akaima, ena ankaima okha. Wogula ankakanyamula kagalu pachikopa cha pakhosi kuti aone ngati kalira, kenako n'kukayasamitsa kuti aone ngati m'kamwa mwake muli mwakuda, poti amati koteroko kadzakhala kolusa. Ine ndinkangowasiya, ogula ndi iwo.

Ndinali ndi malamulo anga amene sindinkaphwanya. Wogula sindinkamuuza kumene ndimakhala. Akaumirira ndinkaloza phiri lina. Mayi wa tiagaluto sankaponda ku Boma, poopa kuti maso a anthu angamutsatire. Lamulo lalikulu linali ili: kagalu kakakazi sindinkagulitsa ku Boma, kaya munthu achonderere bwanji. Ukagulitsa kakakazi kwa munthu wa pafupi, chaka chamawa ndiye adzakhale pansi pa mtengo wako uja ndi dengu lake. Tatikazi ndinkatitumiza kutali kwa abale a tsidya la malire, iwo n'kundipatsa nkhuku monga kale.

Koma galu amakalamba msanga kuposa mwini wake. Wanga uja kukamwa kunayamba kuyera, podzuka ankayamba waganiza kaye. Ndinadziwa kuti watsala ndi bere limodzi, ndipo pa bere limenelo ndinkafuna kakakazi kolowa m'malo mwake. Popanda kameneko, malonda anga anali atatha.

Mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga wamkazi, amapalasa kabaza ku Boma. Tsiku lina anafika pakhomo, nakhala chapatali monga mwa ulemu wake, chipewa chili pabondo.

"Amayi, pali abwana ena ku Boma ali ndi galu wamphongo, wachizungu weniweni. Msinkhu ngati mwana wa ng'ombe. Amadya nyama tsiku lililonse."

"Ndiye ine ndichite chiyani, apongozi? Ndikamuthandize kudya?"

"Ayi amayi, ndimati tikakweretse wathuyu kumeneko. Ana ake anthu adzachita kulimbirana."

"Abwana anuwo akufunapo chiyani? Munthu wa mpanda sapereka chinthu chaulere."

"Monga mwa nthawi zonse, amayi. Mwini wamphongo amasankha kamodzi, ndipo woyamba kusankha ndi iyeyo."

Zimenezo ndinkazidziwa, ngakhale pa nkhumba timatero. Ndinaganiza usinkhu wa galu wanga, ndinaganizanso agalu a m'mudzi muno, owonda, a michira yopindika, akuba mazira. Ndinavomera. Tinapangana pakhonde la abwanawo, mkamwini ali pomwepo, mkazi wawonso akumva. Anali bambo wonenepa bwino, wolankhula mofatsa, wosakaniza Chingerezi m'mawu aliwonse, wochokera ku boma lina. Anandipatsa mpando ndi tiyi wamkaka. Tiyiyo ndinamwa, koma maso anga anali pa khola latsopano la waya kuseli kwa nyumba, la zipinda ziwiri, pomwe galu anali mmodzi.

Kwa nthawi yoyamba galu wanga anaponda ku Boma, anatenga bere, ndipo nthawi itakwana anaswa m'khitchini mwanga, kuseli kwa nkhuni. Ndinatitembenuza kamodzikamodzi. Tatimuna tinayi, kakakazi kamodzi. Kanali kakuda pamsana, kofiirira m'miyendo, kadyera kwambiri, kokankha anzake pabere. Ndinakaika m'manja ndi kukauza kuti iwe ndiwe wotsala pano.

Sipanapite nthawi, ndinamva galimoto itaima kumsewu, kumene njira yathu imayambira. Posakhalitsa ndinaona mkamwini akutsogolera abwana aja kukwera mtunda, nsapato zawo zonyezimira zikuterereka pamiyala. Zaka zonsezo palibe wogula anapondapo pakhomo panga. Mkamwini anawabweretsa ngati akubweretsa abusa.

"Agogo, tangobwera kudzaona adzukulu," anatero akuseka.

Anagwada pakhomo la khitchini, natulutsa foni, nayamba kujambula. Anajambula tonse pamodzi, kenako kamodzikamodzi, akutembenuza kalikonse kuti aone pamimba. Atafika pa kakakazi anakhalitsa nako m'manja. Ine ndinaona.

Atapita ndinamuitana mkamwini.

"Apongozi, anakutumani ndani kuonetsa anthu pakhomo panga?"

"Anandipempha, amayi. Munthu wamkulu ngati uja ndikanamukanira bwanji?"

"Mukanawauza kuti mwaiwala njira."

"Njira ya kwathu komwe, amayi?"

"Mukaledzera simuiwala?"

Lamulungu lotsatira, tikutuluka m'tchalitchi, mphunzitsi wina wamkazi wa pasukulu yathu anandikokera pambali. Anati, "Agogo, si khitchini yanu iyi?" Pafoni pake panali tiagalu tanga, nkhuni zanga, ngakhale mphika wanga wosweka pakamwa unaonekera pakona. Anandiwerengera zimene zinalembedwa pansi pa zithunzizo, pa gulu la anthu ogwira ntchito ku Boma. Abwana aja analemba kuti ayamba bizinesi ya agalu a mtundu, kuti ofuna alembetse kwa iwo, ndipo kuti pakadali pano tiagaluto akuwasungira ndi agogo ena amene amawagwirira ntchito kumudzi.

Ine kuwagwirira ntchito! Ine amene ndinayamba kusenza dengu la agalu iwo asanadziwe kumene kuli Mwanza! Galu ndi wanga, madeya ndi anga, khitchini ndi yanga, utitiri woluma miyendo ndi wanga, koma pafoni ndine wantchito. Ndinabwerera kunyumba osapatsa munthu moni, ndipo amayi a mumpingo anaganiza kuti ulaliki wandikhudza.

Ndinamutuma mkamwini kuti akawauze abwana aja kuti afufute zimenezo, ndiponso kuti kagalu kawo adzatenge tikasiya kuyamwa, monga zimakhalira. Sindikudziwa kuti uthengawo anaufikitsa motani. Chimene ndikudziwa n'chakuti abwanawo anatulukira m'mawa wina atanyamula katoni ya sopo yoboola m'mbali, tiagalu titangotsegula maso kumene, tikuyenda mokwawa.

"Agogo, ndabwera kudzatenga kanga kaja."

"Lero? Bambo, simukuona kuti tikuyamwa?"

"Musadandaule, ndagula mkaka wa ufa ndi botolo la mwana. Ndawerenga zonse."

"Mwawerenga. Chabwino. Nanga zija mwalemba pafoni, zoti ine ndine wantchito wanu, munaziwerenga kuti?"

Anaseka, nakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

"Aaa, agogo, imene ija ndi njira yotsatsira malonda basi. Anthu a masiku ano sagula galu wa mu dengu. Amafuna amve kuti wachokera kwa munthu wodziwika. Zikuthandizani inu nomwe."

"Mundithandize pondichotsa dzina? Tasankhani kanu muzipita."

Sanayang'ane n'komwe tatimuna. Anatambasula dzanja molunjika pa kakakazi. Galu wanga anadzutsa mutu n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi, ndipo ndinachita kumugwira pakhosi.

"Kameneko ayi, bambo. Tengani kakamuna aka, taonani kukula kwake. Tengani tiwiri kumene, ndakupatsani. Kakakazi ndisiyireni. Mayi wakeyu wakalamba, sadzaswanso."

"Tinapangana kuti woyamba kusankha ndine. Kapena ndikunama, achimwene?" Anatembenukira kwa mkamwini, amene anali ataima pafupi ndi nkhokwe akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

"Munapangana choncho, amayi," anatero mkamwini ndi mawu a m'khosi.

Zoona tinapangana choncho, ndipo ine mawu anga sindibweza. Ndinanena kuti, "Kanu ndi kameneko, ndamva. Koma kasiyeni kayamwe mpaka kayambe kudya. Kakatero mudzakatenge, palibe adzakukanizeni."

Kumwetulira kwawo kuja kunachoka.

"Agogo, ku Boma konse amadziwa kuti inu simukhulupirira munthu. Ndiye ine ndikukhulupirireni bwanji? Ndikachoka pano, mawa mudzati kafa, kapena katengedwa ndi fisi, pomwe mwakaolotsa malire."

Ine ndimabisa njira ya kwathu, inde, koma sindinayambe ndaberapo munthu ngakhale singano. Kuchenjera ndi kuba n'zosiyana. Ndinawauza zimenezo, ndinawauzanso zina zimene sindingalembe pano chifukwa adzukulu anga amadziwa kuwerenga. Ndinawachenjeza pamaso pa mkamwini ndi mwana wanga kuti kagalu ka msinkhu umenewo sikakhala moyo popanda mayi wake, kuti si mkaka wokha, kamafuna kutentha kwa anzake ndi lilime la mayi wake pamimba kuti kachite chimbudzi. Anangoti, "Ndamva, agogo," uku akukaika mu katoni. Kanali ndi mkaka kukamwa.

Galu wanga anawatsatira mpaka kumsewu, akununkhiza katoni, ndipo galimoto itapita anabwerera n'kuyamba kufufuza kuseli kwa nkhuni, pansi pa nkhokwe, m'bafa, paliponse. Ine ndinakhala pakhonde osagwira ntchito iliyonse. Mwana wanga anabwera kudzandipepesa m'malo mwa mwamuna wake. Ndinamuuza kuti apite akaphike.

Mlungu usanathe, galimoto ija inaimanso kumsewu. Ulendo uno anakwera mtunda okha, njira anali ataidziwa. Katoni yomwe ija inali m'manja. Anaiika pansi patsogolo panga n'kuitsegula ndi nsonga ya nsapato. Kagalu kanali katafa, kataumiratu, kamimba katatupa, kakununkha mkaka wosasa.

"Mwandipatsa kodwala," anatero. "Kapena munakachita zina zake, poti simunafune kuti ndikatenge. Ndabwera nako kuti muone nokha, musati ndikunama. Mundipatse kena."

Ndinaimirira. Sindine wamtali, koma tsiku limenelo ndinawayang'ana m'maso mwenimweni.

"Bambo, munasankha nokha, munanyamula nokha, mwapha nokha. Pangano linali la kamodzi, ndipo kamodziko ndi aka. Pano simutengapo china."

"Anthu analembetsa kale kwa ine, agogo. Ndiwauza chiyani?"

"Muwauze kuti wantchito wanu wa kumudzi wasiya ntchito."

Anayamba kulankhula za apolisi, za anthu amene amawadziwa, Chingerezi chikuchulukirachulukira. Ine ndinawerama, ndinakatulutsa kagalu kaja ndi manja anga, ndinakakulunga m'kansalu kakale. Katoni yopanda kanthu ndinawapatsa m'manja, poti inali yawo. Anatsika mtunda nayo. Apolisiwo mpaka lero sanafike.

Ndinakakwirira kumunsi kwa munda, ndinakumba ndekha. Mkamwini anabwera ndi khasu kuti andithandize, ndinamuuza kuti khasu ndili nalo.

Tatimuna tija titasiya kuyamwa ndinatisambitsa, ndinatiika mu dengu, n'kupita pansi pa mtengo wanga uja. Aliyense woima ankati, "Si agalu a bwana uja awa? Tinawaona pafoni." Aliyense ndinamuyankha mokweza, kuti a m'mawindo amve, kuti agalu awa ndi anga, obadwira m'khitchini mwanga, ndipo amene akufuna a bwana apite akaone khola lawo. Tinatha tonse dzuwa lisanapendeke.

Limenelo ndilo linali dengu langa lomaliza. Galu wanga sanatengenso bere. Anakhala nane chaka china, akugona padzuwa pakhonde, mpaka tsiku lina sanadzuke. Ndinafunsa kwa abale a tsidya lija ngati pali kakakazi kotsala ka mtundu wake, koma onse anali atasakanikirana ndi agalu a m'midzi, makutu atagwa, misinkhu itafupika. Mtundu umene unalera adzukulu anga unathera pamenepo. Abwana aja anawasamutsira ku boma lina, ndipo ndimamva kuti kumeneko ali ndi chikwangwani pageti, chojambulapo galu.